Mmene mungapangire chitetezo kukhala khalidwe la pantchito panu

Chikwangwani chonena kuti chitetezo ndiye nkhani yoyamba sichivuta kugula. Mukachiona pageti la fakitale ku Kanengo, pampanda wa malata pamene akumanga nyumba zosanja ku City Centre, ngakhale m'makonde a maofesi. Pamene pamavuta ndi apa: lole yafika mochedwa, kasitomala akungoimbaimba foni, ndipo mnyamata amene mwamulemba ganyu dzulo waona kuti chingwe chokwezera katundu chayamba kuthothoka. Kodi anena? Nanga akanena, kapitawo amuyankha kuti chiyani?

Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene amasonyeza ngati chitetezo chili m'khalidwe la pamalopo kapena chili pakhoma pokha. Ndalemba malangizowa poganizira eni makampani, mamanijala, akapitawo ndi atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito muno mu Lilongwe, kuyambira fakitale ya anthu mazana mpaka galaja ya anthu 6 ku Biwi kapena shedi ya akalipentala ku Mchesi. Zonse zimene ndinene zikuloza chinthu chimodzi: munthu wotsikitsitsa pantchito panu azitha kunena kuti "tiime kaye" osaopa kuti mawa sadzaitanidwanso.

Choyamba: dziwani zimene lamulo likufuna

Dziko lino lili ndi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe limayang'aniridwa ndi nthambi ya chitetezo ndi umoyo pantchito ku Unduna wa Zantchito. Lipezeni ndipo muliwerenge nokha, osangolisiyira mlembi. Limafuna kuti malo antchito alembetsedwe, kuti makina, nyumba ndi kagwiridwe ka ntchito zisaike moyo wa munthu pachiswe, kuti zovala zodzitetezera ziperekedwe popanda kudula malipiro a wantchito, komanso kuti pamene pali antchito oposa 50 pakhale komiti ya chitetezo. Palinso Workers Compensation Act ya 2000, yokhudza chipukuta misozi kwa munthu wovulala kapena wodwala chifukwa cha ntchito. Mu 2019 Malawi inavomereza mapangano atatu a ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito padziko lonse, pankhaniyi, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo mu 2022 bungwe lomwelo linaika malo antchito otetezeka pamndandanda wa maufulu akuluakulu a aliyense wogwira ntchito.

Lamulo ndi poyambira chabe. Woyendera wa boma sangafike kwanu sabata iliyonse, ndipo kampani imene imasesa ndi kuvala zipewa pa tsiku lokhalo limene yamva kuti a leba akubwera yaphunzitsa kale antchito ake kuti nkhaniyi ndi yachiphamaso.

Chachiwiri: yendani pamalo ponse ndi eni ntchito

Sankhani tsiku la ntchito yambiri, osati Loweruka masana makina atazimitsidwa. Tengani kope, ndipo muyende ndi anthu awiri kapena atatu amene manja awo amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Musawafunse kuti "pali vuto?" chifukwa mwa ulemu wathu ayankha kuti "ayi bwana, zonse zili bwino." Afunseni chonchi: "Akanakhala mwana wanu akuyamba ntchito pano mawa, mukanamuchenjeza za chiyani?" Pamenepo mumva zambiri. Mumva kuti lamba wa chigayo alibe chotchinga ndipo anakolapo chitenje cha munthu, kuti waya wa magetsi anangomukulunga ndi jumbo, kuti makaniko amalowa kunsi kwa galimoto itakhala pajeke yokha popanda chochirikiza, kuti wothandiza wa owotcherera amangotseka maso m'malo movala magalasi.

Ulendo umodzi sukwanira, chifukwa ngozi za mu Lilongwe zimayenda ndi nyengo. Mvula ikayamba mu November, pansi pamaterera ndipo makoma a maenje okumbidwa amagumuka. Mu October kukatentha, anthu amavula zipewa ndi magolovesi, ndipo mutu umachita chizungulire pamwamba pa denga. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April, ku Kanengo kumadzaza anthu atsopano amene sadziwa njira za malole ndi ma forklift, timagalimoto tonyamula ndi kukweza katundu. Ndiye palinso kuzimazima kwa magetsi, komwe kuli ndi misampha iwiri. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu m'chipinda chotseka. Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo, ngakhale mukuopa akuba. Msampha wina ndi makina amene anasiyidwa osazimitsa: magetsi akabwera amadzuka okha, dzanja la munthu lili mkati.

Lembaninso zimene zimapha pang'onopang'ono. Chiwerengero chimene ILO inatulutsa mu 2023 chikuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha ntchito, ndipo pafupifupi 2.6 miliyoni mwa iwo amaphedwa ndi matenda, osati ngozi zadzidzidzi. Fumbi la simenti, la miyala, la matabwa ndi la fodya limawononga mapapo mwakachetechete. Mankhwala opopera mbewu amalowa pakhungu. Ngati muyenera kukuwa kuti mnzanu amene waima pamtunda wa mita imodzi akumveni, phokosolo lafika kapena ladutsa ma decibel 85 pa muyeso wa kukula kwa phokoso, ndipo munthu wokhala pamenepo maola 8 tsiku lililonse akhoza kudzagontha. Matumba a makilogalamu 50 amathyola msana wa munthu asanafike zaka zopumira.

A m'maofesi musaganize kuti zimenezi sizikukukhudzani. Pitani mukaone chitseko chothawira moto: kodi si chokhoma ndi loko, kiyi ali m'thumba la mlonda amene wapita kukagula chakudya? Funsaninso dalaivala wanu kuti ndi kangati wabwerera usiku womwewo kuchokera ku Mzuzu kapena ku Blantyre pamsewu wa M1 chifukwa bungwe silinafune kumulipirira pogona.

Mukabwerera, sankhani zinthu zitatu zimene zingaphe kapena kulumaza munthu, ndipo muyambire pamenepo. Mndandanda wa zinthu 40 umathera m'dilowa.

Chachitatu: chotsani choopsacho musanathamangire kugula zovala

Makampani ambiri amayamba ndi ovololo, majombo ndi zipewa, chifukwa zimaoneka bwino pachithunzi. Zovalazi ndi zofunika, koma ndi chitetezo chomaliza. Funso loyamba likhale lakuti, kodi choopsachi tingachichotseretu? Ngati ntchito ingagwiridwe pansi kenako n'kukweza, palibe chifukwa chotumizira munthu pamwamba. Ngati sizitheka, kodi pali china chosaopsa cholowa m'malo mwake, monga mankhwala ochepa mphamvu, kapena kudula njerwa ndi matailosi mothira madzi kuti fumbi lisauluke? Kenako tchingani: chotchinga palamba, mpanda m'mphepete mwa nsanja, mzere wa penti wolekanitsa njira ya anthu ndi ya magalimoto. Mukatero sinthani kagwiridwe ka ntchito, monga kusinthana pamalo a phokoso kapena kuika loko pa switch pamene munthu akukonza makina, kiyi n'kukhala m'thumba la wokonzayo. Zikatha zonsezi, m'pamene mufike pa zovala.

Pogula zovalazo, funsani ozivala. Magolovesi aakulu kuposa dzanja amavulidwa, ndipo amayi ambiri amapatsidwa majombo ndi ovololo za saizi ya abambo kenako n'kumadzudzulidwa kuti savala.

Chachinayi: akuluakulu ayambe

Antchito samvera kwambiri zimene bwana amanena pamsonkhano; amayang'ana zimene amachita akapanikizika. Manijala akalowa m'fakitale ndi nsapato za muofesi, foni ili kukhutu, palibe mlonda kapena kapitawo amene angamubweze. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Choncho muuzeni mlonda pamaso pa anthu onse kuti, "Bambo, ngakhale ineyo ndikabwera opanda chipewa, mundibweze." Tsiku limene adzakubwezenidi, bwererani mukachitenge ndipo mumuthokoze mokweza. Nkhani imeneyo idzafika ku shifiti ya usiku inu musanafike kunyumba.

Paul O'Neill atakhala mkulu wa kampani ya Alcoa ku America mu 1987, anauza eni masheya kuti chinthu choyamba chimene akufuna kukamba ndi chitetezo cha antchito. Analamula kuti munthu akavulala pafakitale iliyonse, mkulu wa nthambiyo amudziwitse pasanathe maola 24, atanenanso chimene achite kuti zisachitikenso. Kuti lipoti lifike kumwamba mwachangu chotero, panafunika kuti mamanijala azimvetsera akapitawo, akapitawo azimvetsera antchito. Pamene ankachoka mu 2000, ngozi zinali zitatsika kwambiri ndipo phindu la kampaniyo linali litakwera.

Inunso chitani zooneka. Pamsonkhano uliwonse wa mamanijala kapena wa bodi, chitetezo chikhale mutu woyamba, isanafike nkhani ya malonda. Mu bajeti mukhale mzere wakewake wa ndalama zokonzera zotchinga, kudzazitsa zozimitsira moto ndi kuphunzitsa anthu, ndipo ndalama zikavuta usakhale mzere woyamba kudulidwa. Mukamalemba mfundo zimene bungwe lanu limayendera, lembani mawu amene munthu angakugwireni nawo, monga akuti, "Palibe amene adzachotsedwe kapena kudulidwa malipiro chifukwa choimitsa ntchito yoopsa." Alembedwe m'Chichewa, asainidwe ndi mkulu wa bungwe, apachikidwe pamene anthu amadyera.

Chachisanu: tsegulani pakamwa pa anthu

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo m'pamene ambiri amalephera.

Tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa. Ndi khalidwe labwino pakhomo, koma pafupi ndi makina likhoza kupha. Onjezerani kuti ntchito ndi yosowa, ndipo pageti pali anthu ena amene akudikira kuti wina achotsedwe. Munthu wa ganyu amene ali ndi lendi ku Mgona kapena ku Chinsapo amawerengera mwachangu: ndikanena ndikhala wovuta, ndikakhala chete mwina sizichitika lero. Amakhala chete, ndipo sindingamuweruze. Udindo wosintha masamu amenewa uli kwa inu amene muli ndi mphamvu.

Ku Bangladesh, pa 23 April 2013, anthu anaona ming'alu panyumba yosanja ya Rana Plaza, momwe munali mafakitale osoka zovala. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, koma osoka zovala anauzidwa kuti abwerere kuntchito m'mawa mwake. Pa 24 April nyumbayo inagwa ndipo anthu oposa 1,100 anafa. Choopsacho aliyense anachiona. Chimene chinasowa ndi mphamvu yokana. N'chifukwa chake pangano la 155, lomwe dziko lathu linavomereza, limati wantchito amene wachoka pamalo pamene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pangozi atetezedwe kuti asalangidwe.

Kuti zimenezi zikhale zenizeni pantchito panu, yambani ndi akapitawo, chifukwa wantchito amakumana ndi iwo, osati ndi inu. Khalani nawo pansi ndipo muyeserere. Wina anene kuti, "Akapitawo, makwererowa akugwedera, ine sindikwera." Yankho loyenera ndi lakuti, "Mwachita bwino kunena, achimwene. Tiyeni tikaone." Mayankho ngati "ukuopa chiyani, ndiwe mwamuna?" kapena "anzako akwera bwanji?" aletsedwe ngati mmene mumaletsera kuba. Nthawi zina mudzapeza kuti makwererowo analibe vuto. Ngakhale zitatero muthokozeni, chifukwa anthu khumi amene amaonerera aphunzira zimene zimachitikira munthu wolankhula.

Kenako yambani kusonkhanitsa nkhani za ngozi zimene zinangotsala pang'ono kuchitika: njerwa imene inagwa pafupi ndi mutu wa munthu, forklift imene inaphonya mwendo, shoko yaing'ono pa soketi. Anthu amaziseka n'kupitiriza ntchito, koma chimene chinalekanitsa nkhani yoseketsayo ndi maliro ndi sitepe imodzi yokha. Njira yonenera ikhale yapafupi: kope pamalo odziwika, bokosi la timapepala topanda dzina, uthenga wa mawu pa WhatsApp, kapena kungouza membala wa komiti. Musafune fomu ya Chingerezi ya masamba awiri kwa munthu amene analekezera sukulu ku pulayimale.

Chimene chimapha njira zonsezi ndi kusayankha. Munthu akanena za waya kawiri osaona kanthu, kachitatu sanena. Ikani bolodi la mizere itatu: chimene chanenedwa, amene akonze, ndi tsiku. Ngati ndalama palibe mwezi uno, lembani zoona, ndipo munene chimene mwachita pakadali pano, kaya ndi kutseka malowo kapena kuzimitsa makinawo. Ndipo musadabwe malipoti akachuluka miyezi yoyamba. Sikuti malo aipa. Anthu ayamba kukukhulupirirani.

Komiti ya chitetezo ikhale ndi anthu osankhidwa ndi antchito anzawo, osati okondedwa a bwana. Mukhale mayi, mukhale wa shifiti ya usiku, ndipo ngati pali bungwe la ogwira ntchito likhale ndi mpando. Ngakhale muli anthu 10 okha, sankhani mmodzi woyankhulira anzake.

Chachisanu ndi chimodzi: mphindi khumi m'mawa uliwonse

Nkhanga zinapangana kusanapse. Ntchito isanayambe, gulu liime pamodzi pamalo pomwe ntchitoyo ichitikire ndipo likambe zinthu zitatu: tikuchita chiyani lero, chingativulaze n'chiyani, tichita bwanji. Asamalankhule kapitawo yekha. Lero atsogolere uyu, mawa uyo. Malo ambiri amayamba kale ndi pemphero, ndiye mphindi zimenezi zingotsatira pomwepo.

Munthu watsopano asagwire chida asanayendetsedwe pamalo ponse ndi kupatsidwa mnzake wakale womuyang'anira sabata yoyamba. Izi zikhudzenso aganyu, ophunzira ntchito ochokera m'sukulu za luso, alonda, okonza m'maofesi ndi antchito a kontilakita. Nthawi zambiri ntchito yoopsa kwambiri, monga kukwera padenga kapena kulowa mu thanki, imapatsidwa kwa anthu amenewa, omwe sali pamndandanda wa malipiro ndipo saitanidwa kumaphunziro. Mu mgwirizano wanu ndi kontilakita lembanimo kuti malamulo anu a chitetezo akukhudzanso anthu ake.

Chachisanu ndi chiwiri: konzekerani tsiku loipa, ndipo likafika funsani bwino

Shifiti iliyonse ikhale ndi munthu wophunzitsidwa thandizo loyamba. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa. Bokosi la mankhwala lisakhale lokhoma mu ofesi ya munthu amene amaweruka 5 koloko. Aliyense adziwe kuti wopsa amathiridwa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, komanso kuti moto wa magetsi kapena wa mafuta sathira madzi. Dziwiranitu galimoto imene idzathamangire ku Kamuzu Central Hospital usiku, amene ali ndi kiyi, ndiponso ngati muli mafuta. Nambala ya ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda ikhale pakhoma ndi m'foni ya mlonda. Yesererani kutuluka m'nyumba kawiri pachaka, ndipo muwerenge anthu pamalo osonkhanira.

Ngozi ikachitika, samalirani wovulalayo, dziwitsani abale ake inu nomwe, ndipo tumizani lipoti ku unduna monga lamulo likunenera pa ngozi yakupha kapena yolepheretsa munthu kugwira ntchito. Musamunyengerere ndi kandalama ka m'manja kuti nkhani ithere pomwepo. Muthandizeni kutsata chipukuta misozi chake kudzera ku ofesi ya leba. Anzake onse akuyang'ana mmene mukumuchitira, ndipo akudziona okha mwa iye.

Pofufuza, mawu akuti "linali tsoka" kapena "inali nthawi yake" asiyeni. Amatonthoza pamaliro ndipo ali ndi malo ake, koma pamsonkhano wofufuza amatseka nkhani isanayambe. Chimodzimodzi mawu akuti "anali wosasamala." Funsani kuti "chifukwa chiyani" mpaka mufike pa chinthu chimene ofesi ingasinthe. Anadulidwa chala chifukwa analowetsa dzanja m'makina akuyenda. Chifukwa chiyani? Ankachotsa zimene zinatsekereza. Bwanji sanazimitse? Kuyatsanso kumatenga nthawi, ndipo amalipidwa potengera matumba amene wadzaza. Chotchinga chinali kuti? Chinachotsedwa pokonza miyezi yapitayo ndipo sichinabwezeredwe. Mukangomuchotsa ntchito munthuyo, makinawo akudikira chala cha amene adzalowe m'malo mwake. Chilango chisungireni amene waphwanya dala lamulo lodziwika atapatsidwa zonse zofunika, ndipo chikhale chofanana kwa manijala ndi kwa wosesa.

Chachisanu ndi chitatu: onani zimene mumalipira ndi amene mumakweza

Bonasi ya "miyezi 6 popanda ngozi" imamveka bwino, koma imaphunzitsa anthu kubisa mabala, chifukwa palibe amene akufuna kulanditsa anzake ndalama. Yamikirani zina: gulu limene lanena zoopsa zambiri, kapitawo amene wakonza zonse zimene zinalembedwa pabolodi, munthu amene anaimitsa ntchito. Onaninso maola. Lamulo la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pasabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo munthu amene wagwira mashifiti awiri motsatizana amalakwitsa ngakhale ataphunzitsidwa bwanji. Pokweza munthu paudindo, funsani amene anali pansi pake ngati ankamasuka kumuuza vuto. Mukakweza kapitawo wodziwika ndi kudula njira chifukwa amamaliza msanga, aliyense amva uthengawo.

Kampani yaikulu imene ikufuna ndondomeko yovomerezeka kunja ikhoza kutsata muyezo wa ISO 45001, womwe unatuluka mu 2018, koma satifiketi ibwere pambuyo pa zonse zili pamwambazi. Kamodzi pachaka, pa 28 April, tsiku limene dziko lonse limakumbukira chitetezo ndi umoyo pantchito, imitsani ntchito kwa ola limodzi. M'malo mwa malaya osindikiza ndi zolankhula zazitali, tulutsani kope lija ndipo muwerenge pamaso pa onse zimene zinanenedwa chaka chonse, zimene zinakonzedwa ndi zimene sizinakonzedwe. Chilichonse chotsala chipatsidwe dzina la wokonza, tsiku lomalizira ndi ndalama zake mu bajeti yotsatira, ndipo membala wa komiti wosankhidwa ndi antchito asunge kope lakelake la mndandandawo.